Funsani odziwa: digiri yachiwiri ya za madzi kwa ana a m'chigwa cha Shire

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo nkhani yake ndi imodzi: maphunziro apamwamba a sayansi ya madzi, ija ku yunivesite amaitcha hydrology. Tasankhapo asanu. Oyankha ndi anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kuyeza mitsinje ndi mijigo.

FUNSO: Ndinamaliza digiri yoyamba ya ulimi wothirira zaka ziwiri zapitazo, ndipo pano ndikugwira ntchito pa sikimu ina kuno kwathu. Ndikufuna kuchita Masters ya za madzi, koma mayina a maphunzirowa ndi ambirimbiri moti mutu wandiima. Ndisankhe bwanji, nanga pafunika chiyani kuti anditenge? Mnyamata wa ku Nchalo

YANKHO: Achimwene, dzina la digiri lisakutengeni mtima. Yambani mwadzifunsa kuti ndi madzi ati amene mukufuna kumakhala nawo zaka makumi awiri zikubwerazi. Pali madzi oyenda pamwamba: mvula, mitsinje, madambo, kusefukira ndi chilala. Pali madzi a pansi pa nthaka, ophunzira zake amati hydrogeology, kumene kuli nkhani za mijigo, zitsime, miyala ndi mchere. Palinso maphunziro a kasamalidwe ndi kagawidwe ka madzi, amene amalowa kwambiri m'malamulo, m'ndondomeko ndi m'chuma. Achitatuwa masamu ake ndi opepukirako, n'chifukwa chake amadzaza msanga. Ndi ofunika ndithu, koma tinene mosabisa: anthu otha kulemba ndondomeko alipo ochuluka kuposa otha kuima pa mlatho wa ku Chikwawa n'kutiuza kuti pansipo pakudutsa madzi ochuluka bwanji pa sekondi. Inu amene muli kale ndi maziko a uinjiniya, musathawe mbali yoyezayi.

Zimene mayunivesite ambiri amafuna ndi digiri yoyamba yokhoza bwino, kawirikawiri credit kapena kuposapo, ya uinjiniya, geology, geography, chemistry, ulimi wothirira kapena zachilengedwe. Amafunanso transcript (chikalata cha magiredi anu onse) yodindidwa, makalata awiri a umboni ochokera kwa aphunzitsi kapena abwana a kuntchito, ndi kalata yofotokoza zimene mukufuna kukafufuza. Kalata yomalizayi ndi imene imagwetsa ambiri. Munthu amalemba masamba awiri onena kuti madzi ndi moyo ndiponso kuti nyengo yasintha, osatchula mtsinje ngakhale umodzi. Inu tchulani malo, vuto, chimene mukayeze, chipangizo chake ndi miyezi imene mukayezere.

Kuno kwathu maphunziro okhudza madzi alipo ku MUBAS ku Blantyre, ku UNIMA ku Zomba, ku Mzuni ku Mzuzu, ku LUANAR ku Bunda ndi ku MUST ku Thyolo. Si chaka chilichonse chimene kosi iliyonse imatsegulidwa, choncho onani chilengezo cha chakacho, ndipo tsimikizani kuti kosiyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE. Musanalipire kanthu, funsani zinthu ziwiri: adzakuyang'anirani pa kafukufuku ndani, ndipo dipatimentiyo ili ndi zipangizo zanji zimene wophunzira amaloledwa kupita nazo kumudzi.

Dziyeseni nokha ndi ntchito iyi musanalembe kalata. Pitani pa ngalande ya pa sikimu yanuyo kapena pa kamtsinje kosaya, musankhe pamene pali powongoka mamita 20. Tiyerekeze kuti m'lifupi ndi mamita 6, ndipo mutayeza kuya m'malo asanu kapena asanu ndi limodzi mwapeza kuti avareji yake ndi theka la mita. Ndiye kuti khomo limene madzi akudutsira ndi masikweya mita 3. Ponyani lalanje kapena botolo lothira madzi pang'ono kuti mphepo isalikankhe, muwerenge nthawi katatu. Likatenga masekondi 40, liwiro la pamwamba ndi mita 0.5 pa sekondi. Chulukitsani ndi 0.85, pakuti madzi a pansi ndi a m'mbali amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi a pamwamba, kenako chulukitsani ndi 3. Mupeza pafupifupi makyubiki mita 1.3 pa sekondi, omwe ndi malita 1,300. Ngati ntchito imeneyi yakusangalatsani mpaka mwayamba kudzifunsa kuti 0.85 uja wachokera kuti, pitirizani. Bwerezaninso calculus ndi statistics, ndipo yambani kuphunzira mapulogalamu a pakompyuta: QGIS ya mapu, ndi R kapena Python zosanthulira manambala. Zonsezi ndi zaulere pa intaneti.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akufuna maphunziro omwewa koma ife ndife alimi a thonje ndi mapira, ndalama tilibe. Thandizo limapezeka kuti? Bambo a ku Ngabu

YANKHO: Bambo, limapezeka, koma limafuna kuyamba chaka chathunthu nthawi isanakwane. M'chigawo chathu chino muli bungwe la WaterNet, limene limayendetsa Masters ya kasamalidwe ka madzi kudzera ku University of Zimbabwe ndi University of Dar es Salaam, ndipo limathandiza ophunzira ena. Ku Netherlands kuli IHE Delft, sukulu ya za madzi zokhazokha. Ku Britain kuli thandizo la Commonwealth ndi la Chevening; la Chevening limafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, zomwe amaziwerengera ngati maola 2,800. Ku Germany kuli thandizo la DAAD. Sukulu zambiri za kunja zimafuna mayeso a Chingerezi a IELTS, kawirikawiri magiredi 6.5, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho asalembe msangamsanga. Pasipoti ndi transcript akonzeretu. Munthu aliyense wopempha ndalama kuti "akupezereni malo" mumukane. Mafomu a mathandizo onsewa salipiritsa.

Mukamawerengera za kuno kwathu, musaiwale kuti fizi ndi gawo chabe. Kafukufuku wa za madzi amadya ndalama pa mafuta, pa labu ndi pa omuthandiza kumudzi. Ubwino wa mwana wanu ndi woti kwawo ndi komweko kumene ena amachita kulipira malo ogona kuti akafikeko.

FUNSO: Ndayamba kale Masters, ndipo ndikufuna kafukufuku wanga akhale wa madzi osefukira kwathu ku Makhanga ndi ku East Bank konse. Mnzanga akuti ndingotenga mapu pa intaneti, ndiike mu HEC-RAS, pulogalamu ya pakompyuta yoyerekezera mmene madzi amasefukira, basi ntchito yatha. Ndi zoona? Wophunzira wa ku Makhanga

YANKHO: Si zoona, achemwali. Kompyuta idzakupatsani mapu okongola a mtundu wabuluu ngakhale muidyetse zabodza, ndipo mapu oterowo akafika m'manja mwa okonza malo osamukira anthu, amene adzavutike ndi abale anu.

Vuto loyamba ndi mmene Ruo ndi Shire zimakumanirana pa Chiromo. Ruo amachokera ku phiri la Mulanje, kotsetsereka ndi kwa mvula yambiri, ndipo akadzaza amafika mwaukali m'maola ochepa. Shire akamafika pamenepo amakhala atafooka kale m'dambo la Elephant Marsh. Ruo akakula amamutsekera njira, madzi a Shire n'kumaunjikana kubwerera m'dambo. Ndiye mudzi ukhoza kumira kumwamba kuli ngwee, chifukwa cha mvula imene yagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo. Model, kutanthauza chiyerekezo cha pakompyuta chija, yotenga Shire yekha, osaika Ruo ndi nthawi imene mitsinje iwiriyi yafikira pachimake, yalephera isanayambe.

Izi zimaononganso kawerengedwe ka madzi. Pa siteshoni yoyezera pamakhala matabwa a manambala, ndipo woyang'anira amalemba msinkhu wa madzi m'mawa ndi madzulo. Kuti msinkhuwo usanduke kuchuluka kwa madzi odutsa, timagwiritsa ntchito rating curve, mzere umene umapangidwa poyeza madzi enieni kambirimbiri ndi zipangizo zoyezera liwiro la madzi, current meter kapena ADCP, pa misinkhu yosiyanasiyana. Mzerewu umakhulupirira kuti msinkhu umodzi uli ndi kuchuluka kumodzi. Pamene madzi akutsekeredwa ndi mtsinje wina, msinkhu umakwera koma liwiro likutsika, mzere uja n'kunama. Kuonjezera apo, pansi pa mitsinje yathu ndi mchenga. Chigumula chimodzi, ngati cha mu Januwale 2015 kapena cha namondwe Freddy mu Malichi 2023, chimakumba pena n'kukwirira pena, ndipo Ruo amatha kudzitsegulira njira yatsopano. Mzere wopangidwa chigumulacho chisanachitike sugwiranso ntchito. Mukakapempha manambala a siteshoni ya Chiromo, ya nambala 1G1, kapena ya Liwonde, 1B1, ku nthambi ya boma yoona za madzi, pemphaninso mndandanda wa masiku amene madzi anayezedwa ndi chipangizo, ndi chaka chimene mzerewo unakonzedwa komaliza. Onaninso mipata. Masiku osowa m'kaundula kawirikawiri ndi omwe aja madzi anakula kwambiri, matabwa atakokoloka kapena woyang'anira atathawira kumtunda. Mukangowadumpha, chigumula chachikulu chimaoneka chaching'ono.

Kumbukiraninso kuti Shire si mtsinje woyenda mwaufulu. Kuyambira 1965 madzi otuluka m'nyanja amawongoleredwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Ndipo cha pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka madzi analeka kutulukira mu Shire. Wosakaniza zaka zonse m'thumba limodzi osalabadira zimenezi amapeza ziwerengero zopanda tanthauzo. Dongosolani manambala anu motsata chaka cha madzi, kuyambira Novembala mpaka Okutobala, kuti dzinja limodzi lisagawike pawiri.

Vuto lachiwiri ndi mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Mapu otchedwa SRTM, oyezedwa kuchokera m'mlengalenga, amene ambiri amatenga pa intaneti, kabokosi kalikonse ndi mamita 30, ndipo pa msinkhu amatha kuphonya ndi mamita angapo. Ku phiri zimenezo si kanthu. Kuno, kumene dziko lonse la Malawi latsikitsitsa mpaka mamita 37 pamwamba pa nyanja yamchere kumalire a Nsanje ndi Mozambique, theka la mita ndi limene limasiyanitsa nyumba yomira ndi yopulumuka. Mapuwo saona msewu wokwezedwa, njanji yakale, dyke (chimchinga chotchinga madzi) kapena kalavati, pamene zimenezi ndi zimene zimakhotetsa madzi. Saonanso pansi pa mtsinje. Funsani ku nthambi yoyeza malo ndi kwa oyendetsa mapulojekiti a m'chigwa muno ngati ali ndi mapu olondola kuposa amenewa, ndipo inu mukayeze nokha mizere yodula mtsinje ndi level kapena GPS ya akatswiri oyeza malo. GPS ya pafoni pa msinkhu ndi yosadalirika.

Chuma chimene inu muli nacho, chimene wophunzira wa kutali alibe, ndi makoma. Pa sukulu, pa tchalitchi, pa chigayo, pa mitengo ikuluikulu, madzi anasiya mizere, ndipo akuluakulu amadziwa kuti uwu ndi wa 2015, uwu ndi wa namondwe Idai mu 2019, uwu ndi wa namondwe Ana mu 2022. Yambani mwakaonekera kwa amfumu, kenako yezani msinkhu wa mzere uliwonse, jambulani, lembani malo ake, ndipo funsani anthu awiri kapena atatu payekhapayekha za chaka chake ndi ola limene madzi anafika. Mizere makumi atatu yoyezedwa bwino ndi yokwanira kuyesera model yanu. Phatikizani ndi zithunzi za satelayiti ya Sentinel-1, imene imaona kupyola mitambo. Ingosamalani kuti madzi obisala m'bango ndi m'nzimbe siwaonetsa bwino. Konzani model ndi chigumula chimodzi, muiyese ndi china chimene simunachikhudze. Pa mvula, manambala a CHIRPS, oyerekezedwa ndi satelayiti, amayambira 1981, koma afananizeni kaye ndi a nthambi ya zanyengo, chifukwa m'mapiri amakonda kuchepetsa mvula yamphamvu.

Mawu amodzi pa chinenero. Mukalemba kuti "chigumula cha zaka 100", anthu kumudzi adzamva kuti chikabwera chaka chino ndiye apuma mpaka zidzukulu. Tanthauzo lake ndi loti chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa 100. Pa zaka 30 zimene nyumba ya njerwa ingakhale, mwayiwo umafika pafupifupi 26 pa 100. Muzinena choncho. Ndipo chepetsani dera: Masters ndi miyezi yowerengeka, East Bank yonse simungaithe. Tengani chigawo cha makilomita 10 kapena 15. Mu Shire musalowe ndi miyendo ngakhale pooneka posaya. Ng'ona ndi mvuu zilimo, pitani ndi bwato ndi munthu wodziwa dooko.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa chemistry ku sekondale. Mijigo yambiri kuno ndi yamchere, amayi amaisiya n'kukatunga kumtsinje. Kodi nkhani imeneyi ingakwane kafukufuku wa Masters, ndipo ndingaiyambe bwanji? Aphunzitsi a ku Bangula

YANKHO: Aphunzitsi, ikukwana n'kutsalako, ndipo chemistry yanuyo ndi khomo labwino lolowera mu hydrogeology. Mchere wa m'chigwa muno uli ndi magwero angapo. Mvula ya pachaka imazungulira mamilimita 700 mpaka 800, pamene dzuwa lingathe kuumitsa madzi oposa pamenepo kutali, ndiye pamene madzi a pansi ali pafupi ndi nthaka, amauma n'kusiya mchere. Pena mcherewo uli m'dothi lakalekale limene linadzaza chigwachi. Pena madzi amchere a pansi kwambiri amakwera kudzera m'ming'alu ya miyala. N'chifukwa chake mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ikhoza kusiyana, wina wokoma wina wosamweka. Funso labwino la kafukufuku ndi loti pa dera lanu gwero lalikulu ndi liti, ndipo madzi okoma ali pa kuya kotani. Yankho lake limapulumutsa ndalama zokumbira mijigo imene idzasiyidwe.

Yambani ndi EC meter, kachipangizo koyeza mmene madzi akudutsitsira magetsi. Mchere ukachuluka nambala imakwera. Mukachulukitsa nambalayo ndi pafupifupi 0.65 mumapeza mamiligalamu a mchere pa lita. Malinga ndi malangizo a WHO, madzi osapitirira mamiligalamu 600 pa lita amakoma bwino, ndipo akadutsa 1,000 anthu amayamba kuwakana. M'mawa uliwonse yesani chipangizocho ndi madzi ake oyesera a 1,413 µS/cm. Onetsetsani kuti chikuwerengera pa madigiri 25, chifukwa nambala imakwera pafupifupi 2 pa 100 pa digiri iliyonse, ndipo kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa.

Potenga madzi opita ku labu ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mjigo umene wagona usiku, kapena wosiyidwa, madzi oyamba ndi a m'mapaipi, osati a pansi. Pukusani mpaka EC, pH ndi kutentha zitasiya kusintha. Tsukani botolo katatu ndi madzi omwewo. Tengani mabotolo awiri: lina losefa n'kudonthezamo nitric acid mpaka pH itsike pansi pa 2, la calcium, magnesium, sodium, potassium ndi iron, lina lopanda asidi, lodzaza mpaka pakamwa, la chloride, sulphate, nitrate ndi fluoride. pH ndi alkalinity yezerani pamjigo pomwepo, chifukwa zimasintha mpweya ukatuluka m'madzi. Sungani m'bokosi la ayezi. Ngati mukuyezanso tizilombo ta m'chimbudzi, madziwo afike poyezera m'maola 6. Kuchokera ku Bangula kukwera Thabwa mpaka ku Blantyre nthawi imeneyi imathina, choncho ndi bwino kubwereka kalabu konyamula. Zotsatira zikabwera, werengerani ionic balance, kutanthauza kuona ngati ma ion a positive ndi a negative akufanana. Ikaphonya kuposa 5 pa 100, pena pake palakwika, ndipo musamange mfundo pa botolo limenelo. Pa mabotolo khumi alionse, tumizani limodzi lobwereza pansi pa nambala ina kuti muone ngati labu ikubweza yankho lofanana. Fluoride musamusiye, malire a WHO ndi mamiligalamu 1.5 pa lita.

Yezani kawiri, mu Okutobala ndi mu Epulo, pa mijigo yomweyo. Funani malipoti a okumba kuti mudziwe kuya kwa mjigo ndi pamene anaika mapaipi oboola. Popanda zimenezi simudziwa kuti madziwo achokera pa msinkhu uti. Pamene lipoti lasowa, amakaniko a mijigo a m'deralo amadziwa kuchuluka kwa ndodo za mu pampu iliyonse ya mtundu wa Afridev, ndipo ndodo imodzi ndi pafupifupi mamita 3. Zimenezi zimakuuzani pamene pali silinda, osati pansi pa mjigo, koma ndi poyambira. Mukapeza mwayi wa makina a resistivity, ofufuzira pansi pa nthaka ndi magetsi, dziwani kuti dongo ndi madzi amchere zonse zimaonetsa nambala yotsika, ndiye yambani kuyeza pafupi ndi mjigo wodziwika kale. Musanayambe, pezani chilolezo cha komiti ya kafukufuku ya ku yunivesite, ndipo mulankhule ndi komiti ya pamjigo. Mukamaliza, abwezereni zotsatira zawo papepala m'Chichewa kapena m'Chisena. Anthu a kuno atungitsidwa mabotolo kambiri osamva kuti madzi awo anapezeka otani.

FUNSO: Nanga ntchito zake zilipo, kapena ndidzangobwerera kudimba ndi mapepala awiri? Mtsikana wa ku Chikwawa boma

YANKHO: Achemwali, malo si ambiri ngati a uphunzitsi kapena unamwino, koma odziwadi ntchitoyi ndi ochepanso. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, imene imapereka zilolezo zotunga madzi ndi zokumba mijigo, ndipo zonsezo zimafuna oyeza. Kuli ma water board, nthambi za boma za madzi ndi ulimi wothirira, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, makhonsolo, ndi EGENCO imene magetsi ake a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadalira Shire. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130. Pakhomo panu pomwepo pali Shire Valley Transformation Programme, ngalande yochokera ku Kapichira imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala 43,370. Minda yochuluka chonchi, pa nthaka imene pansi pake pali kale mchere, idzafuna anthu oyang'anira msinkhu wa madzi a pansi ndi ngalande zotayira madzi chaka ndi chaka, pakuti kuthirira kopanda potulukira madzi kumakweza mcherewo kufika m'mizu. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo, makampani okumba mijigo ndi mabungwe a za madzi ndi ukhondo nawonso amalemba anthu.

Pofunsira ntchito zimenezi adzakufunsani zimene manja anu anagwirapo. Pa tchuthi chilichonse pemphani kuperekeza okumba mjigo kapena oyeza mitsinje, ngakhale popanda malipiro. Phunzirani kulemba mtundu wa dothi lotuluka pa mita iliyonse pokumba, ndi kuyendetsa pumping test: kupopa mosasintha liwiro kwa maola angapo, kuyeza kutsika kwa madzi ndi dip meter (tepi yotsitsira mumjigo) mphindi iliyonse poyamba kenako motalikitsa, ndipo mukazimitsa pampu, kuyezanso mmene akubwererera. Mjigo wa Afridev umafuna osachepera malita 0.25 pa sekondi, kutanthauza ndowa ya malita 20 m'masekondi 80. Muzikhala ndi kabuku kachikuto cholimba, muzilemba ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka ikanyowa, ndipo madzulo aliwonse muzijambula masamba a tsikulo ndi foni.